Masiku Asanu a Bambo a Mwana

Mayi a mwana anadziwa kuti kunja kwaipa atangoona mmene amuna awo anaponyera makiyi patebulo. Bamboyo anali dalaivala wa kampani, ndipo namwino wa kuntchito anali atawauza kuti magazi awo akuthamanga kwambiri. Zikapanda kusintha pakutha kwa mwezi, chiwongolero achisiya.

"Ndiye akuti mutani?" anafunsa mayiyo, mwana ali kumsana.

"Akuti ndichepetse mchere, ndiziyendako pansi madzulo. Zimenezo n'za nkhalamba. Ine ndithana nazo sabata imodzi."

Tsiku lomwelo anakhala pafoni kusonkhanitsa aphunzitsi a zaumoyo a pa intaneti. Wina wa mimba ngati thabwa ankati thamangani m'mamawa, wina ankati musadye mpaka masana, wina madzi malita asanu, wina mandimu ndi adyo. Bamboyo sanakane ndi mmodzi yemwe. Shuga ndi mchere anazipirikitsa m'nyumba ngati mbava. Zitini ziwiri za penti anazidzaza simenti n'kuzilumikiza ndi chitsulo. Anagulanso nsapato zoyera mbee, zoti ukaziona ungati zithamanga zokha.

"Bambo ake, bwanji mutayamba ndi chimodzi, zinazo zizibwera pambuyo?"

"Mayi ake, inu ntchito yanu n'kuopa. Mwana akangoyetsemula mumafuna ambulansi."

Mayiyo anayamba kuwalondola ndi maso. Lachiwiri anawaona akuyenda chotang'adza ngati bakha. Lachitatu bamboyo atanyamula mwana, fungo la adyo linamuliza mpaka kum'bwezera kwa amake. Lachinayi abwana anadandaula kuti galimoto ikuima pamtengo uliwonse. Lachisanu m'mawa, m'mimba muli madzi a mandimu okhaokha, bamboyo anakweza zitini zija kufika pamutu. M'maso munada, msana unalira, munthu uyo khu, pansi.

Anagona masabata atatu, maso ali kudenga. Abale anabwera kudzazonda, aliyense ndi kajumbo ka zokazinga ndi zakumwa zotsekemera.

"Idyani alamu, thupi libwerere," ankatero alamu awo, iwonso akutafuna.

Wodwala anadya molipsira masiku asanu aja. Mayi a mwana akati atsegule pakamwa, apongozi ankawayang'ana ngati munthu wofuna kupha mwana wa eni ndi njala. Ankangothawira kukhitchini, kukawerenga mabotolo opanda kanthu.

Mwezi utatha namwino anayeza kawiri, n'kugogoda makina poganiza kuti awonongeka. Makina analibe mlandu. Magazi anali akuthamanga kuposa kale, kuposanso mwini wake pa masiku a nsapato zoyera. Galimoto abwana anaipereka kwa dalaivala wina, bamboyo n'kuwaika pageti kuti aziitsegulira ikamadutsa.

Anafika kunyumba ali khuma, n'kukhala pampando mosamala ngati dzira.

"Akuti ndidzayezetsenso pakatha miyezi itatu," anatero. Kenaka maso anawala. "Komatu mnzanga wa pageti wandiuza za tiyi wina wotsuka magazi masiku atatu okha. Ukaphatikiza ndi kusamba madzi a ayezi..."

Mayiyo anamasula mwana kumsana n'kumuika pamiyendo pa amuna awo.

"Yambani mwanyamula uyu kukafika pamphambano paja. Mukabwerako amoyo, tikambirana za tiyi."

Anaima pakhomo kuwayang'ana akutsimphina mumsewu, mwana akuwakoka khutu. Akuluakulu sananame: ichi chakoma, icho chakoma, pusi anagwa chagada.