Ana Atatu, Chitsime Chimodzi

Tsiku lina titangoswali Asr, pemphero la chakumadzulo, kwa Shehe Twaibu, Allah awachitire chifundo, kunafika Sumaili Mdoka, woyeza malo amene anakaphunzira ntchitoyi ku Wales. Anawapeza pakhonde akumata chubu cha njinga, ndipo anapereka salamu ali chiimire, mapepala ali m'khwapa. Ine ndinkaphunzitsa nawo pamadrasa pomwepo, choncho ndinamva zonse.

Bambo ake a Sumaili anali atamwalira, n'kusiyira ana awo atatu, onse aamuna, munda umene anagula ku Ntaja. Sumaili, pokhala wamkulu, anauyeza n'kuudula zigawo zitatu zofanana kukula. Koma chitsime chokhacho cha m'mundamo chinagwera m'chigawo chimene anadzilembera yekha. Ang'ono ake, Hamisi ndi Bakali, amene moyo wawo ndi dimba, anasiya kumulankhula. Iye ankafuna kuti Shehe akawauze kuti magawidwewo ndi achilungamo.

Pakamwa anali napo mkuluyu. Anafotokoza mmene anthu akale a ku Wales ankagawira dziko lawo: chigawo chachikulu cha midzi ngati zana, chodulidwanso m'zigawo zing'onozing'ono, chilichonse ndi bwalo lake la milandu. Ati ife kuno dongosolo sitilidziwa, timangodalira mitengo ya m'malire. Kunena zoona ine zinandinyansa, koma Shehe ankangomvetsera uku akupaka guluu.

"Mwatiphunzitsa, Che Sumaili," anatero Shehe. "Ine sindinawolokepo nyanja. Tandiuzani, kumeneko abale akamagawana munda wa bambo awo, ankagwira chingwe choyezera ndani?"

Sumaili anasangalala nalo funsolo. Anati wamng'ono ndiye ankadula, wamkulu n'kuyamba kusankha, enawo n'kumatsatira malinga ndi kubadwa.

"Nanga wodulayo ankatenga chiti?"

"Chotsala, Shehe." Apa mawu anatsikako pang'ono.

Shehe anaika chubu pambali. Anati Chisilamu chinapereka kale gawo lofanana kwa abale atatuwo, ndipo muyeso wa Sumaili iwo sakuukayikira. Popeza iye wadula kale, aitane ang'ono ake asankhe, iye atenge chotsala.

Sumaili anakhala pansi, koyamba chifikire. "Koma Shehe, onse awiri athamangira cha chitsime chija."

Shehe anamuyang'ana mwachifundo, ndipo anayankha mosakweza mawu.

"Ngati mukudziwa kale chimene athamangire, ndiye kuti zigawozo sizofanana, ndipo munazidziwa musanafike pakhomo pano. Pepala likhoza kundinamiza ine, koma Allah amaona pamene pali madzi. Bwererani ndi chingwe chanu, Che Sumaili, mukadule ngati munthu amene asankhe pomaliza."