Kadontho pa Chikhadabo cha Mtisunge

Panali munthu wina wolemba zikwangwani pamsika wa m'mbali mwa msewu. Dzanja lake silinkanjenjemera. Akalemba dzina la golosale, zilembo zinkaima molunjika ngati mizere ya m'munda wa mlimi waluso. Akajambula nkhuku pakhoma la malo odyera, anthu ankati yangotsala kulira.

Munthuyu anali ndi mkazi ndi mwana mmodzi wamkazi, Mtisunge, wazaka ziwiri. Ankamukonda mwanayo mpaka anzake pamsika ankamuseka kuti chimene chinamukanika ndi kuyamwitsa kokha.

Mwanayo ali ndi miyezi itatu, anamubaya katemera wina kusikelo. Pantchafu panatupa, thupi linatentha, ndipo analira masiku awiri. Masiku awiri onsewo bamboyo anamuyangata osagwira burashi. Atatonthola, bamboyo analumbira kuti singano sidzamukhudzanso mwana wake. Mkazi wake anamunyengerera, anakangana naye, kenako anatopa. M'kabuku ka kusikelo, mzere wa katemera wa chikuku unangokhala mbee.

Chaka china mvula itangosiya, chikuku chinalowa m'deralo. Chinkabwera mozemba. Mwana ankayamba ndi chimfine wamba, kenako chifuwa, kenako maso ofiira othawa kuwala, kenako tiziphuphu kuseri kwa makutu. Ena ankachira. Ena ayi. Kalipentala woyandikana naye pamsika anasiya kukhoma mipando n'kuyamba kukhoma timabokosi tating'ono, ndipo wolemba zikwangwani uja anayamba kulandira ntchito imene sanaifune: kulemba maina patimitanda ta kumanda. Tsiku lobadwa pamwamba, tsiku lomwalira pansi, zaka zake zoyandikana ngati zala za dzanja limodzi.

Azaumoyo anafika ndi mabokosi awo oziziritsira katemera. Analengeza kuti akhala masiku asanu akubaya ana, mudzi ndi mudzi. Mwana aliyense wobayidwa ankamupaka inki pachikhadabo cha kachala kakang'ono ka kumanzere, ndipo masana ankayenda khomo ndi khomo kuyang'ana zala, kuti aone amene watsala.

Masiku amenewo mkazi wa munthu uja anali wotopa ndi pakati, ndipo ankapita kukadikirira kuchipatala. Potsanzika anaima pakhomo, kathumba kali pamutu.

"Bambo a Mtisunge, ndapota nanu. Zakale zija zisiyeni. Mupite naye."

"Ndipita naye."

"Munene mukundiyang'ana."

Anamuyang'ana. "Ndipita naye."

Kupita anapitadi. Anaima chapatali ndi khonde la sukulu pamene ankabayira, mwana ali m'manja. Anamva ana akulira mmodzimmodzi. Mtisunge anamukumbatira m'khosi n'kubisa nkhope paphewa pake, ndipo bamboyo sanapitenso patsogolo. Mayi wina anadutsa pafupi ndi mwana wongobayidwa kumene. Diso la mmisiri linagwera pakachala ka mwanayo. Linaona mtundu wa inkiyo, kukula kwa kadonthoko, ndi mmene kanatayikira pang'ono m'mbali mwa chikhadabo.

Atabwerera kunyumba anatenga inki yake yolimba ija, yolembera timitanda, imene mvula siichotsa. Anaisakaniza dontho ndi dontho mpaka inafanana ndendende. Kenako anamukhazika mwanayo pamwendo n'kumupaka ndi kaburashi kake kosongoka. Mtisunge anaseka chifukwa kankamugirigisha.

Masana azaumoyo anafika pakhomo. Anagwira kadzanjako, anayang'ana, anagwedeza mutu.

"Abambo onse akanakhala ngati inu, ntchito yathu ikanapepuka," anatero mmodzi, ndipo anapitirira.

Munthu uja anaganiza kuti wapulumutsa mwana wake.

Tsiku lachinayi m'mawa panabwera odi. Anali Anangondo, mayi wa nyumba yoyandikana nayo, maso atalowa m'kati chifukwa chosagona. Anagwira padzanja mwana wake wamng'ono, Felista, wazaka zitatu.

"Achimwene, mkulu wake wa uyu chamugwira koopsa, ndikuthamangira naye kuchipatala. Uyu anabayidwa dzana lomweli, koma wakhala akugona naye mphasa imodzi. Sindikudziwa chimene wanyamula." Anameza malovu. "Kwa mchemwali wanga ndadutsa, kuli khanda losafika pobayidwa. Kwa apongozi chimodzimodzi. Ndiye ndati ndipite kumene mwana anabayidwa kale. Ndinakaona kachala ka Mtisunge. Kuno sindipha mwana wa munthu."

Munthu uja anatsegula pakamwa. Mawu anali pamsonga ya lilime. Koma anaona mmene mayiyo ankamukhulupirira, anakumbukira mmene azaumoyo anamutamira anthu akumva, ndipo anachita manyazi kuulula. Akuluakulu anati manyazi anapha lambe.

"Musiyeni," anatero. "Mwana wa mnzako ngwako yemwe."

Ana awiriwo anasewera pakhonde m'mawa wonse. Anamwera kapu imodzi. Analumirana nzimbe imodzi. Bamboyo anakhala chapafupi, kamtanda kali pamwendo, akulemba dzina la mwana wa kutsidya kwa mtsinje amene anali wamkulu kwa Mtisunge ndi mwezi umodzi wokha.

Dzuwa litapendeka, Felista anatsokomola.

Anatsokomolanso. Anasiya masewera n'kukagona pamthunzi, ataphimba maso ndi mkono. Munthu uja anaika burashi pansi, anapita, anamugwira pamphumi. Panali moto. Anapinda khutu la mwanayo pang'onopang'ono n'kuyang'ana kuseri kwake. Tiziphuphu tinalipo, tofiira, tating'ono ngati mchenga.

Atatembenuka anaona Mtisunge akumwa madzi otsala m'kapu ija.

Madzulo bambo ake a Felista anabwera n'kumunyamula kupita naye kuchipatala. Munthu uja anabwerera kukamtanda kaja kuti akamalize. Dzanja limene silinkanjenjemera linakanika kulemba ngakhale chilembo chimodzi.

Kutacha, linali tsiku lomaliza la katemera, ndipo azaumoyo anali atasamukira kumudzi wa kutsidya. Bamboyo anatenga sopo n'kukwecha kachikhadabo kaja. Inki sinachoke. Anayesa palafini. Anayesa phulusa mpaka mwana anayamba kulira. Inkiyo inali yake yomwe, ndipo ankaidziwa bwino: anaisankha kuti izipirira mvula ya kumanda.

Anatenga kabuku ka kusikelo n'kukaika m'thumba la malaya. Anabereka mwanayo ndi chitenje cha mkazi wake, anawoloka mtsinje, madzi akulekeza m'mawondo.

Anapeza mzere wautali wa amayi pansi pa mtengo wa mango. Anaima kumapeto, mwamuna yekhayekha. Pamene ankafika patebulo, dzuwa linali paliwombo ndipo bokosi la katemera linali litatsala pang'ono kutha. Wobaya anali mayi wachikulire, thukuta likuyenderera m'khosi. Sanayang'ane nkhope ya bamboyo. Anagwira kadzanja ka kumanzere ka mwana, anaona kadontho, anakasiya.

"Uyu analandira kale. Wotsatira."

"Mayi, mubayeni."

"Bambo, taonani mzerewu, taonaninso m'bokosimu. Sitibwereza. Mantha tonse tili nawo, koma wanuyu ali bwino. Pitani naye."

Mayi wina kumbuyo anaponya mawu: "Abambo akaphunzira kubereka mwana safuna kuchoka pakati pa amayi. Tapitani, achimwene, ena tasiya nyemba pamoto."

Amayi anaseka. Njira yobwerera inali yotseguka, ndipo palibe amene akanadziwa kanthu. Munthu uja anamva mpweya wa mwana wake ukumufunditsa pamsana. Analankhula motsitsa mawu.

"Mwati chiyani? Kwezani mawu," anatero wobaya uja.

"Inkiyo ndinapaka ndekha," anatero. "Sanabayidwe. Ndinkaopa kuti alira."

Kuseka kuja kunazima ngati nyali yothiridwa madzi. Bamboyo anatulutsa kabuku n'kukatsegula patebulo, pamzere woyera uja. Anafotokoza za Felista, za kapu, za nzimbe, maso ali pansi. Kumbuyo wina anatsonya. Wina anasuntha ndi mwana wake kuti atalikire.

Wobaya uja anayang'ana kabukuko, anayang'ananso chikhadabo chija kwa kanthawi.

"Anasewera limodzi liti?"

"Dzulo."

"Mwachita bwino kubwera lero, osati sabata yamawa. Katemera akalowa masiku atatu asanathe, nthawi zambiri amathamanga kuposa matendawo. Sindikukulonjezani. Akatentha thupi mubwere naye msanga. Tsopano mumasuleni, mumugwire inuyo."

Anamukhazika pamwendo, pamene paja anamukhazika pomupaka inki. Singano inalowa. Mtisunge analira, akuyang'ana bambo ake ngati amupereka kwa adani. Bamboyo sanatembenuze nkhope. Anamugwira mpaka zinatha.

Wobaya anatenga cholembera chake, anagwira dzanja la kumanzere, anaima.

"Kuno amisiri anatha kale ntchito," anatero, ndipo anapaka kachala ka kumanja.

Tsiku lomwelo bamboyo anatumiza uthenga kwa mkazi wake wonena zonse, ndi kumupempha kuti akabereka akayambe wakhala kwa mayi ake. Masabata atatu anakhala ndi mwanayo m'nyumba, osamulola kusewera ndi anzake. M'mawa uliwonse ankamugwira pamphumi, kenako n'kupinda khutu. Felista anachira. Mkulu wake sanabwerere kuchokera kuchipatala, ndipo amene analemba dzina lake pakamtanda ndi munthu yemweyu.

Kuseri kwa makutu a Mtisunge sikunatuluke kanthu.

Mkazi wake atabwera ndi khanda, anagwira timanja tonse tiwiri ta mwana wake. Zikhadabo zinali zitakula, ndipo timadontho tiwiri tija tinali titafika kumsonga, tofanana ndendende.

"Kenikeni ndi kati?" anafunsa.

"Kamene analira nako," anayankha mwamuna wake.

Inu amene mwamva fanizoli, makamaka abambo anzanga: munthu uja sanali woipa. Ankakonda mwana wake monga mmene inu ndi ine timakondera athu. Koma chikondi chake chinaopa misozi ya tsiku limodzi, ndipo chinatsegulira chitseko chinthu chimene chimatenga mwana yense. Wazaumoyo mungamunamize, mnansi mungamunamize, ngakhale mkazi wanu. Chikuku sichiyang'ana chala.

Mwina simunapake inki. Mwina munangoyankha kuti "ndipita naye," kapena munati mwana wachoka pamene anali kuchipinda. Ngati mzere uja ukadali woyera m'kabuku ka mwana wanu, musadikire kuti mumve chifuwa pakhonde. Mberekeni lero. Akakusekani amayi, sekani nawo. Akalira mwanayo, mugwireni, ndipo musatembenuze nkhope.