Ngolo ya Nkhuni ndi Dimba la a Kamwendo

Kalekale, koma osati kale la makolo, kale la dzanadzanali, kunali bambo wina dzina lake a Kamwendo. Anali ndi dimba la nthochi ndi mizimbe m'mbali mwa mtsinje, lomwe analiswa ndi manja awo. Analinso ndi ana anayi. Wachinayi anali ku Joni pa ganyu, ameneyo musamuwerengere. Amene anali pakhomo ndi Lekeleni, Siyeni ndi Fatsani.

Tsiku lina m'mawa a Kamwendo anagwa m'dimbamo atagwira pachifuwa. Chipatala cha pa boma chinali kutali, kuseri kwa phiri.

Lekeleni, mwana woyamba, ankagwira ntchito pa esiteti ya makadamiya. Anathamanga, nakagwada pamaso pa bwana wake mpaka anamubwereka pikapu yoyendera magetsi. Galimoto imeneyi siimwa petulo, imayenda ndi batire, ndipo kutsogolo kwa woyendetsa kumaoneka nambala ya mtunda umene yatsala nawo. Nambalayo inkakwana kukafika kuchipatala, n'kutsalako. Pakanapanda Lekeleni, bambo akanafera m'dimba momwemo.

Siyeni, mwana wamkazi, ankachidziwa chipatala. Anadikirirapo mwamuna wake kumeneko, nagona pa simenti ndi njala. Anati, "Achimwene, wodwala sapita chimanjamanja. Tikawaphikira ndi chiyani?" Anauza anyamata kuti amange ngolo ya pa esiteti kumbuyo kwa pikapu. Anapakiramo mitolo ya nkhuni, thumba la ufa, mbaula, ndowa, ndi matiresi ataimika ngati khoma. Azakhali awiri, alongo a wodwalayo, anakwera pamwamba pa nkhunizo osaitanidwa.

A Kamwendo, ali chigonere pamiyendo ya Siyeni, anatsegula diso limodzi. "Kodi mukundiperekeza kuchipatala kapena mukundisamutsa?"

Onse anaseka. Kumeneko ndiko kuseka kwawo komaliza ali pamodzi.

Fatsani, mwana wachitatu, ndiye ankadziwa chiwongolero. Anayendetsapo minibasi, ndipo ankazemba maenje ngati akuvina. Atangolowa pa tala anaona kuti nambala ija ikutsika ngati madzi m'ndowa yobooka. Akayenda mtunda umodzi, iyo ikudya iwiri. Anaganiza ngati mmene amaganizira munthu amene mvula ikumuthamangitsa: thamanga ukafike isanakupeze. Anaponda moto.

Tsono mverani, chifukwa apa palibe ufiti. Batire likamakoka ngolo yolemera limatha msanga, mwina theka la ulendo limapita. Ngoloyo ikakhala yaitali imamenyana ndi mphepo, ndipo ukathamanga mphepoyo imakula mphamvu. Phiri nalo limafuna gawo lake. Komanso magetsi sagulitsidwa m'zigubu m'mbali mwa msewu.

Patsinde pa phiri Fatsani anaima. "Achimwene, sitifika. Timasule ngoloyi."

Azakhali anakuwa ali pamwamba. "Mutisiye pano ngati mbuzi? Amene wagonayo ndi mlongo wathu, inu musanabadwe tinali naye!"

Siyeni anati, "Nanga ufa? Mukufuna akachire n'kufa ndi njala?"

Onse anayang'ana Lekeleni, poti mawu omaliza ndi a wamkulu. Iye anayang'ana ngolo ya bwana wake, anayang'ana tchire, naganiza za akuba matayala ndi ntchito yake. Anati, "Katundu wa eni sasiyidwa pamsewu. Yendetsa, Mulungu alipo."

Mulungu analipo, koma batire panalibe. Pikapu inakwera, inayamba kukwawa, kenako inaima osatsokomola n'komwe. Inangokhala chete ngati yachita manyazi. Kuchokera pamenepo, kudzera pa mpata wa phiri, malata a chipatala ankaoneka kutsidya, akung'anima padzuwa.

Lekeleni anaima pakati pa msewu atatambasula manja. Magalimoto awiri anamuzemba, yachitatu sinabwere. Fatsani anavula nsapato, nabereka bambo ake kumsana, nayamba kukwera phiri. Siyeni ankathamanga pambali atawatchingira dzuwa ndi chitenje chake, akuwaitana mayina awo onse kuti asagone. Atafika pachipata cha chipatala, mlonda anangovula chipewa. Fatsani anali atabereka maliro mtunda wautali osadziwa.

Nkhuni zija sizinapite pachabe, ayi. Zinabwerera kumudzi n'kuphikira anamaliro. Ufa uja unakwana mpaka adzukulu okumba manda. Azakhali analira mokweza kuposa wina aliyense, ndipo anthu anati banja limeneli ndi lachikondi. Wa ku Joni uja anafika atakwirira kale.

Atasesa, akuluakulu a banja anakhala pansi. Mphwake wa malemu anaimirira nati, "Achimwene anandiuza ali moyo kuti dimba lisagawidwe. Lipite kwa mwana mmodzi, amene adzawagwire dzanja pa tsiku la tsoka. Tsono nenani."

Lekeleni anati, "Ndinagwada ine. Galimoto inabwera ndi maondo anga. Pakanapanda ngolo ya achemwaliyi, tikanafika bambo akucheza."

Siyeni anati, "Ngolo ndinamanga ine, inde, poti ndine ndekha ndinaganiza zoti bambo akachira ndipo adzafuna phala. Inu munkaganiza za matayala. Nanga uyu, anamutuma ndani kuthamanga ngati akulimbirana mapasenjala?"

Fatsani anati, "Ndinanena patsinde pa phiri kuti timasule. Munandimva nonse. Ndipo msana uwu ndi umene unawanyamula, sunali wa munthu wina."

Aliyense ananena zoona. Ndicho chimene chimandiwawa. Ngolo ikanapanda kumangidwa, akanafika. Ikanamasulidwa patsinde paja, akanafika. Fatsani akanayenda pang'onopang'ono kuyambira pakhomo, mwina batire likanawaolotsa phiri. Koma pakanapanda Lekeleni sipakanakhala galimoto, pakanapanda Siyeni sipakanakhala wowagwira mutu ndi kuwaitana, pakanapanda Fatsani akanafera m'mbali mwa msewu ngati mlendo.

Akuluakulu anakambirana mpaka mthunzi unasuntha, nabalalika osagamula. Lero nthochi zikupsa m'dimbamo, mbalame zikudya, ndipo atatuwo sapatsana moni.

Tsono inu amene mwamva, musandiuze kuti inali nthawi yawo, mawu amenewo ndinawamva okwanira pamaliro. Ndiuzeni ichi: pakati pa amene anabweretsa galimoto nakana kumasula ngolo, amene anamanga ngolo chifukwa chokhulupirira kuti bambo achira, ndi amene anamaliza batire ndi liwiro nawabereka kumsana, ndani angalowe m'dimba la a Kamwendo, n'kudya nthochi yake osatsamwa?