Nyimbo ya Nkhuku Yosaikira

Kalekale, zigayo zisanalande mitondo ntchito, kunali mwamuna wina wa mitala dzina lake Kamchacha. Mkazi wake wamkulu, Nankhwazi, analibe mwana. Wamng'ono, Nasoko, atangotenga pakati, pakamwa panayamba kumuyabwa. Paja mukudziwa kuti za pamtondo sazengera mlandu: munthu amakulalatira masana dzuwa likuswa mtengo, ukafunsa amati ndi nyimbo chabe. Ndiye tsiku ndi tsiku Nasoko ankasinja akuimba kuti:

"Nkhuku yosaikira, ee,
gaga wanga idyeranji?"

Nankhwazi ankamva zonse akupeta pakhomo pake. Zinkamupweteka kwambiri. Koma anangoimeza nyimboyo yonse n'kuiloweza, mpaka malo amene mwini wake ankakwezera mawu.

Panalinso wina amene ankamvetsera: mwana wa m'mimba uja. Atabadwa, kamtsikana, sankagwira bere mayi ake asanaimbe nyimbo imeneyo. Iye za nkhuku ankadziwapo chiyani? Kwa iye amenewo anali mawu a mayi ake basi.

Mchombo usanagwe, dzina asanamutche, Nasoko anadwala. Pakhosi panatupa, mawu anatsekeka, mkaka nawo unauma.

Mlongo wake wa Kamchacha, Nangozo, anali ndi khanda lake. Atamva uthenga anabereka mwana wake nayenda tsiku lathunthu, kuwoloka mitsinje iwiri yodzaza. Anafika mapazi atatupa, napereka bere asanamwe ndi madzi omwe. Koma kamwanako kanatembenukira kumbali. Anakaimbira nyimbo zonse zotonthozera ana zimene ankadziwa, koma ayi ndithu. Pofika tsiku lachiwiri kulira kwake kunali kutachepa, liwombo litalowa.

Nasoko yekha ndiye ankadziwa chimene mwanayo akudikira, koma akanauza bwanji anthu? Anatuluka m'chikuta chokwawa, amayi omusamala akumuletsa kuti nthawi yake sinakwane, mpaka pakhomo pa mkazi mnzake. Anagwira Nankhwazi mwendo, naloza mtondo, kenako naloza kunyumba kumene kunali mwana.

Nankhwazi anamva msanga, ndipo mtima unamuwira. Nyimbo imene inamudyetsa manyazi miyezi yonse ija, lero aiimbe ndi pakamwa pake, anthu akumva? Anafuna kusolola mwendo wake. Koma kenako anatchera khutu kunyumba kuja, ndipo kunali zii.

"Alamu, tengani mwanayo mumuike pabere," anatero polowa.

Anakhala pamphasa, nayamba kumenya pansi ndi chikhatho ngati munsi, naimba. Misozi inali chuchuchu, koma sanaphonye paliponse. Kamwana kanatsegula maso, kanasakasaka ndi kukamwa, n'kugwira bere. Akasiya kuimba, nako kankasiya kuyamwa. Motero Nankhwazi anadzitukwana yekha kwa masiku khumi, mpaka mwanayo anayamba kulemera m'manja.

Nasoko atachira, Kamchacha anaitana abale nati, "Mwanayu akadali wopanda dzina. Amutche ndi amene wamupulumutsa, ndipo akhale wake wa dzina moyo wake wonse."

Nangozo anati, "Achimwene, nyimbo sikhutitsa. Mwana wanga waonda chifukwa chogawana bere ndi wanu."

Nasoko, mawu akadali osasa, anati, "Nyimboyo ndi yanga, ngakhale ndikuchita nayo manyazi. Ndikanapanda kukwawa, bwenzi nonse mukuimbabe zina kumanda."

Nankhwazi sanakweze mawu. "Ine ndilibe mkaka, ndilibenso nyimbo. Ndinali ndi chifukwa chokanira, koma sindinakane."

Kamchacha anakanda mutu, abale anayang'ana pansi, ndipo mwanayo anapitirira kugona wopanda dzina.

Tsono inu amene mwamva nkhaniyi, musangoyang'anana, weruzani: dzina apereke ndani, mwini bere, mwini nyimbo, kapena amene anaimba chipongwe chake chomwe kuti mwana wa mnzake akhale ndi moyo?