Msoti Wodzikongoletsa Umene Unamanidwa Msinkhu

Kalelo, anapiye sankakula chifukwa cha kudya. Msinkhu ankachita kukalandira kwa Namalenga, tsiku limodzi lokha pachaka, anthu akatha kukolola. Namalenga ankakhala pafupi ndi mtondo, lichero la gaga wa msinkhu lili pamiyendo. Mwanapiye akajompha gagayo, pomwepo ankasanduka nkhuku yaikulu.

Panali misoti iwiri yapachibale, Nagama ndi mng'ono wake Nankhoma. Tsikulo litafika, Nagama anadzuka tambala asanatsike mumtengo.

"Nankhoma, tiye! Gaga atha."

"Tsogolani, achemwali. Ine ndikaonekere kwa Namalenga ndili mbuu ngati inuyo?"

Nagama anapita. Nankhoma anayamba kuzungulira mudzi kubwereka nthenga. Kwa Nkhanga anatenga zamawanga. Kwa Bakha anatenga zonyezimira. Anasomeka zina pamutu, zina kumchira, zotsala anamanga kumiyendo mpaka zala zosaoneka. Akadziyang'ana m'madzi a m'phale, ankati, "Pano paperewera," n'kuwonjezeranso.

Anafika dzuwa lili paliwombo, akuyenda monyang'wa, atafufuma ngati mtolo wa thonje. Namalenga anali atatopa, maso atadzaza gaga. Anamuyang'ana kamodzi.

"Iwe, ukufuna kulandira kawiri? Choka apa!"

"Ayi, Ambuye, ine sindinalandire."

"Thupi lonselo walitenga kuti? Ndakalamba, koma sindine wakhungu."

Nagama ananong'oneza, "Vula nthengazo, akuone mmene ulili."

"Ndivule pagulu pano? Atambala onsewa akuona? Bola kufa!"

Namalenga anakutumula lichero, nyerere n'kutola zotsala. Mwina n'chifukwa chake zina zili ndi mitu ikuluikulu.

Kenaka inakwana nthawi yogawa mazira. Apa Namalenga sankayang'ana ndi maso, ankanyamula thadzi lililonse m'manja kuti amve kulemera kwake, n'kulipatsa dzira loyenera. Atanyamula Nagama anati, "Eya, uyu ndi mayi," n'kumupatsa dzira lodzaza chikhatho. Atanyamula Nankhoma, dzanja linangoti pepu!

"Kodi muli munthu m'menemu?"

Anapisa chala m'nthengamo, anafufuza, mpaka anapeza kamwanapiye kakunjenjemera.

"Mwana iwe, bwanji sunanene?"

"Ndinanena, Ambuye."

"Pakamwa panati china, nthenga zinati china. Gaga watha. Dzira lalikulu lingakung'ambe."

Anamupatsa kadzira konga ka njiwa, n'kumuuza kuti aziikira mwa apo ndi apo, angathyoke msana.

Nankhoma sanabweze nthenga za eni ake. Anati, "Msinkhu ndaluza, ndiluzenso izi?"

Ndi chifukwa chake lero kuli tinkhuku tija timene anthu amaweta kuti tizikongoletsa pabwalo, ta tsumba pamutu ndi nthenga mpaka kuzala, koma ukatinyamula ngati wanyamula mpweya. Timazira tawo, titatu ndiye tilingane ndi mazira awiri a nkhuku wamba. Kankhuku kotere kakaikira kamodzi kamatetera mudzi wonse umve. Ndipo ukakaikira mazira a nkhuku ina m'chisa, kamawafungatira osanyinyirika, kali tambasu, kuti odutsa aziti ndi ake.