Kapiritsi ka M'thumba la Jekete

Dokotala atapeza kuti mtima wawo wafooka ndipo sukupopa bwino magazi, adalaivala a basi anapatsidwa mapiritsi a mitundu itatu. Awiriwo sankawavuta. Chovuta chinali kachitatu, kochotsa madzi m'thupi: akangokamwa m'mawa, pasanathe ola chikhodzodzo chinkayamba kuwalamula ngati bwana. Tsiku lina anaimitsa basi katatu pa ulendo umodzi.

"Madala, tifika lero, kapena mwalembedwanso ntchito yothirira mitengo ya mumsewu?" anafunsa wokwera wina, anthu onse n'kufa nako kuseka.

Anagwidwa manyazi, komanso mantha oti nkhaniyi ikamveka ku ofesi ntchito itha. Nanga munthu wa imvi zake akafunse nzeru za kukodza? Kuyambira tsikulo, akazi awo akawapatsa mankhwala ankameza awiri, kachitatu n'kukaponya m'thumba la jekete.

Sabata ziwiri zinadutsa bwino, iwo n'kumadziona ochenjera. Yachitatu mapazi anatupa mpaka nsapato kukana. Pokwera masitepe a basi ankachita befu, ndipo akagona chagada mpweya unkawathawa. Akazi awo, pofuna kuchapa jekete ija, anakhuthula timapiritsi todzaza chikhatho.

"Bambo, mukufuna mundisiye wamasiye chifukwa cha anthu osadziwa ndi dzina lanu lomwe?" anafunsa, misozi ili m'maso.

Kuchipatala anawagoneka masiku anayi, chifukwa madzi anali atafika m'mapapo. Adalaivala ataulula zonse mwamanyazi, dokotala sanaseke.

"Mumaweruka nthawi yanji, bambo?"

"Masana ndimakhala ndafika kunyumba."

"Ndiye muzikamwa nthawi imeneyo, osati madzulo, kuti muzigona bwino. Nthawi timatha kusintha, koma kusiya nokha ayi. Mchere muchepetse, ndipo mapazi akayambanso kutupa mubwere msanga."

"Basi zomwezo?"

"Zomwezo. Mukanafunsa, tikanathana pa mphindi ziwiri."

Adalaivala anangogwira pakamwa. Chimene chinatsala pang'ono kuwatengera kumanda chinali ndi yankho lalifupi chonchi.

Lero ali pachiwongolero ngati kale, akupuma bwino, ndipo kapiritsi kaja amakamwa ataweruka, akazi awo akuyang'ana mpaka kapite kukhosi. Mnzawo kuntchito akadandaula kuti mankhwala akumusowetsa mtendere, salola kuti amalize n'komwe.

"Pitani mukafunse, achimwene. Ine ndinadya langa, ndipo silikoma."

Akuluakulu sananame: safunsa adadya phula.