Nyumba Yokana Kubisika

Panali munthu wina, telala, amene ankasoka pakhonde la sitolo m'tauni ina. Sabata yonse ankapalasa makina ake. Loweruka masana ankawavundikira ndi nsalu, n'kutulutsa kabokosi ka penti wa mafuta ndi timaburashi tinayi. Ankajambula pa tizidutswa ta pulayiwudi timene kalipentala woyandikana naye ankataya, tating'ono ngati chikuto cha buku la nyimbo. Sankagulitsa. Anthunso sankawajambula, poti ankati munthu ukamujambula amadandaula za mphuno. Iye zake zinali mapiri, madambo ndi mitengo, zinthu zosayankha.

Munthuyu anali ndi mng'ono wake kumudzi. Mwa ana asanu ndi mmodzi a mayi awo anatsala awiriwa basi, ndipo panali patatha zaka zisanu ndi ziwiri osalankhulana. Nkhani yake inayambira pamaliro a mayi awo. Pamaso pa anthu, mng'onoyo anati, "Achimwene, kudwazika munatisiyira ife. Inu mwangobwera kudzalira." Mawuwo anali oona, n'chifukwa chake anawawa. Telalayo ananyamuka m'mawa mwake osatsanzika, ndipo sanapondekonso. Wina akamuuza kuti apite akakambirane, yankho linali limodzi: "Wamng'ono ndi iyeyo. Abwere ndi iyeyo." Ukulu umenewu anaufungatira zaka zonsezo, uku onse awiri akukalamba.

Loweruka lina anakhala pansi kuti ajambule kwawo, zapamtima. Anaika phiri. Anaika mtsinje ndi mkuyu wa pamtsinjepo. Maganizo ali kwina, dzanja linapitiriza lokha. Pomwe ankadzidzimuka, m'munsi mwa phiri munali mutaima nyumba ya njerwa zofiira, ya malata. Inali nyumba ya mng'ono wake.

Anapsa mtima. Anasakaniza penti wobiriwira, n'kupaka pamwamba pa nyumbayo, pamalopo n'kupasandutsa nthochi. Chithunzicho anachitsamiritsa pamwamba pa kabati.

Koma telala ndi telala. Munthu wozolowera kutulutsa malaya awiri pansalu ya malaya amodzi, pentinso ankamuumira, kumusungunula ndi mafuta ambiri kuti achedwe kutha. Wobiriwira uja atauma, denga linayamba kuonekera pansi pa masamba, monga chigamba chimaonekera pansi pa nsalu yopyapyala.

Anapakanso. Patatha masabata awiri, kona ya khoma lofiira inasuzumiranso. Kachitatu anafinya penti wambiri, osaumira, n'kumata mochindikala. Apa nyumba sinaonekenso. Koma pamalopo panatupa, ndipo chotupacho chinali ndi makona anayi ndi nsonga ya denga. Aliyense wolowa m'nyumba mwake sankaona phiri, sankaona mtsinje. Chala chinkathamangira pomwepo: "Nanga apa pali chiyani?"

Mkazi wake ankaziona zonsezi. Tsiku lina akupukuta fumbi pakabati anati, "Bambo a Tiyese, nyumba ya alamu angayi mwaipaka penti katatu. Yathu ino simunaipakepo ndi kamodzi komwe."

Telalayo sanaseke. Anatenga chithunzicho ndi lezala lake lophwasulira zovala. Ankafuna kupala zonse, nthochi ndi nyumba yomwe, mpaka thabwa lioneke. Anayamba kupala. Wobiriwira anayoyoka, khoma lofiira n'kutulukira lili lokandikakandika. Apo dzanja linaima. Anakayang'ana kanyumbako nthawi yaitali, ndipo anavomera chimene ankachikana: ankamusowa mng'ono wake, ankamusowa kwambiri.

Anati akakonze. Koma burashi ili m'manja, anapeza kuti sakukumbukira. Mazenera anali awiri kapena atatu? Khomo linkayang'ana kumtsinje kapena kumsewu? Anafunsa mkazi wake. Mayiwo anati, "Ine sindine mwini nyumba. Mwini wake alipo, ali moyo."

Loweruka lotsatira makina sanawavundukule n'komwe. Anakulunga kathabwako m'nsalu, anatenga kabokosi kake, n'kukwera minibasi.

Kulimba mtima kwake kunathera pamtsinje. Anakhala pachulu tsidya lino, nyumba ikuonekera patali, n'kuyamba kujambula ngati mlendo wongodutsa. Sipanatenge nthawi. Munthu wa imvi anatuluka m'dimba khasu lili paphewa, anawoloka, n'kudzaima kumbuyo kwake. Telalayo anamudziwa ndi kayendedwe. Imvizo ndi zimene sankazidziwa. Palibe anapereka moni.

Mng'onoyo anayang'ana kathabwako, anayang'ana nyumba yake, n'kuyang'ananso kathabwako.

"Mwalakwitsa, achimwene," anatero. "Zenera la pakatilo ndinalitseka kalekale, ndipo kumbaliko ndinawonjezera khonde. Muli pano simungaone bwino. Tiyeni pafupi."

Anawoloka onse awiri. Telalayo anajambula ali pabwalo, pampando umene mlamu wake, mkazi wa mng'onoyo, anamutulutsira. Anatseka zenera lija, anaika khonde. Dzuwa litapendeka anatsuka maburashi ndi parafini, ndipo maso ali pansi anati, "Zija unanena pamaliro paja zinali zoona. Ndinakusiyira mtolo wekha."

Mng'onoyo anakhudza m'mphepete mwa chithunzicho, chala n'kutuluka chofiira.

"Penti wanuyu amauma masiku angati?"

"Asanu. Kukamazizira, sabata yathunthu."

"Ndiye wauwisi chonchi simungakwere naye minibasi. Mungadetse zovala za anthu. Mukhala mpaka aume."

Unali mwezi wa Juni, ndipo kunkazizira.

Inu mukundimveranu, ambirife tili ndi munthu amene tinamupaka wobiriwira. Timati tinamuiwala. Koma dzina lake likangotchulidwa nkhope imasintha, ndipo ngakhale ana amaona pamene patupa. Akuluakulu anati mlandu suola. Anatinso chibale ndi fupa, sichiola. Zonse ziwirizi zili pansi pa penti wanuyo, ndipo kupakapaka kungokutopetsani chabe.

Mwina mukudikira kuti wamng'ono ayambe ndi iye. Mwina mukudikira mawu abwino oti mukanene. Telala uja ananyamuka alibe mawu. Anangotenga chimene chinali m'manja mwake, n'kukakhala poti aonedwe, mawuwo anamupeza komweko. Inunso nyamukani, mbale wanuyo akadali woti n'kutuluka m'dimba n'kudzakuuzani kuti mwalakwitsa.